Makutu a Galu

Telala wina ankasoka diso limodzi lili pa nsalu, lina lili pa galu. Makasitomala ankamuseka: “Mayi, kodi galuyu ndiye abwana anu?” Iye ankangomwetulira, poti iwo sankadziwa kanthu.

Mayi ake anayamba kumva mawu a anthu osaoneka iye adakali wamng'ono. Malume akenso chimodzimodzi. Dokotala anamuuza kuti nthendayi imatha kuyenda m'magazi, koma ana ambiri a odwala saitenga. Ambiri, eti? Ambiri si onse. Ndiye anapeza nzeru yakeyake: akamva mawu ali yekha, ankayang'ana galu. Makutu akaima, mawuwo ndi enieni. Ndipo nthawi zonse ankaima.

Tsiku lina masana, akupinda mpendero wa diresi, anamva: “Amayi.”

Anali mawu a mwana wake wamkazi, kuseri kwa khoma. Komatu mtsikanayo anali kusukulu, anamuona ndi maso ake akutuluka m'mawa atavala yunifomu.

Anayang'ana pansi pa tebulo. Galu anali m'tulo, makutu ali lende.

“Amayi, bwerani.”

Galu osagwedezeka n'komwe.

Mantha anamugwira. Basi, yafika. Mayi ake anayambanso chonchi, kuyankha makoma, kenako anthu n'kumabisa ana awo akamadutsa. Iye sayankha, zivute zitani. Anaponda makina mwamphamvu kuti phokoso likwirire mawuwo, mpendero n'kukhota, iye osasamala.

“Amayi, chonde.”

Sizasi inaterereka pa tebulo n'kugwa pasimenti, pafupi penipeni ndi mphuno ya galu. Galu ali phee.

Telala anasiya kuponda. Anawomba m'manja. Anamuitana galuyo dzina. Zii. Atamukhudza ndi phazi m'pamene anadzidzimuka n'kugwedeza mchira. Kagalu kachabechabe, kakalamba n'kugontha osauza munthu!

Anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Ali bwinobwino, mutu wake uli bwinobwino. Anathamangira panja wopanda nsapato.

Mtsikanayo anali atanyonyomala pafupi ndi mpopi, chikwama chili kumsana, manja atatseka makutu onse awiri.

“Bwanji mwanangu? Wavulala? Akumenya?”

“Ndakuitanani kalekale,” anatero mtsikanayo monong'ona. “Auzeni akhale chete. Anditsatira kuchokera m'kalasi.”

Telala anayang'ana uku ndi uku: khoma, chingwe choyanikira zovala, geti lotseka. Panalibe munthu. Chimwemwe chija chinatheratu. Zaka zonsezi ankalondera mutu wake, wa mwana osauganizira.

Anagwada m'matopemo n'kumukumbatira. “Ine sindikuwamva, koma ndikudziwa kuti iwe ukuwamva. Dzuka, tipite kuchipatala. Mankhwala alipo, agogo ako anawathandiza.”

“Ndiye ndakhala ngati agogo?”

Telala anangomukumbatira mwamphamvu. Galu anali atatuluka, akununkhiza chikwama cha mtsikanayo.

“Mwamva?” anatero mwanayo, akumufinya mkono. “Ayambanso.”

Maso a telala anathamangira okha pa makutu a galu.