Denga Lodontha la a Lambros

Dontho linagweranso m'beseni, Stergios n'kuponya supuni patebulo.

"Wamva? Nyumba ikudziyankhira yokha. Lamlungu tikangotuluka m'tchalitchi, amayi ndikupita nawo kwathu ku tauni, ku Larisa."

Mlongo wake Chrysoula sanadzutse mutu. Ankasankha tirigu woti awiritse pa mwambo wa tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirire bambo awo, a Lambros.

"Mwawafunsa eni ake, achimwene?"

"Ndiwafunsenji? Munthu wothyoka chiuno, yekhayekha, m'nyumba yodontha? Iwe umabwera Lachitatu ndi Loweruka basi. Akadzagwa Lachinayi adzawadzutsa ndani, mphaka?"

"Kwanuko ndiye mukawakhazika pamwamba pa nsanjika zinayi, azikayang'ana khoma la anzanu. Sakatha chaka."

Mantha amenewo Stergios nayenso anali nawo. Koma sutikesi ya amayi anali ataitsitsa kale pa kabati.

M'mudzi mwathu muno nkhani ya denga ili inali yoseketsa. A Lambros anali mmisiri woyala madenga a miyala, ndipo kuyambira ku tchalitchi mpaka ku khola la mbuzi la wansembe palibe denga limene silinadutse m'manja mwawo. Koma khitchini yawo inadontha zaka khumi ndi chimodzi. Pomwera khofi anzawo sankawapatsa mpata. "Lambros, tikupezere mmisiri?" Iwo ankangoseka, n'kuyatsa fodya. Stergios yekha ndiye zinkamuwawa, ndipo ulesi umenewo sanawakhululukire bambo ake.

Mvula itakata masana, anakoka makwerero.

"Ndikaone ndekha. Ngati mtanda wa denga wawola, nkhani yatha, usandivutenso."

"Nanga ukakhala kuti sunawole?"

"Wawola. Kupanda apo, bwenzi bambo atakonza kalekale."

Anakwera mogwiragwira, nsapato zake za m'tauni zikuterereka. Denga la khitchini n'lotsika, limathera pansi penipeni pa zenera la chipinda chogona. Anakwawa mpaka pamene pankadontha, n'kupisa dzanja pansi pa mwala. Mtanda unali wouma gwa, wolimba ngati wadulidwa dzulo. Mwala umodzi wokha ndiwo unali wotukuka, ndipo sunatukuke wokha. Unachirikizidwa ndi kamtengo kosemedwa bwinobwino ndi mpeni, ndipo m'mpatamo munali dothi la miyalamiyala lothiridwa ndi dzanja. Kungosolola kamtengoko, denga likanasiya kudontha nthawi yomweyo.

M'dothimo munamera timaluwa toyera, tating'ono kuposa njere ya mpunga, tamitengo yowonda ngati ulusi. Timaluwa totere timatuluka m'matanthwe a kuphiri chisanu chikamatha, masabata atatu okha n'kuyoyoka. Stergios anagwira kamtengo kaja.

"Siya."

Anadzidzimuka. Zenera linali lotsegula, ndipo amayi ake, a Evanthia, anali atakhala pampando wawo atavala zakuda, nkhope yawo pafupi ndi yake.

"Amayi, madzi akulowera apa."

"Ndikudziwa pamene akulowera. Sindine wakhungu."

"Ndiye bambo ankadziwa?"

"Dothilo anatuta kuphiri m'chipewa chawo, chaka chimene ndinagwa." Anakonza mpango wawo. "Chaka chilichonse tinkakwera tonse kukaona ngati tatuluka, ndiye tinkadziwa kuti yakwana nthawi yobzala mbatata. Nditathyoka ndinalira. Sindinalire chiuno ayi, ndinalira phiri. Ndinangomva kugogoda padenga."

"Zaka zonsezi anthu akuwaseka, osanena?"

"Akananena bwanji pomwera khofi, kuti ndabowola denga chifukwa cha maluwa a mkazi wanga? Bola ulesi." Anamwetulira pang'ono. "Mphunzitsi wina adawauza kuti timeneti n'tabale ta kabichi. Kuyambira pamenepo m'mawa ankati, Evanthia, dzuka, kabichi wako wapsa."

Kenaka kumwetulirako kunazima.

"Sutikesi ndaiona, mwana wanga. Ngati mtanda wawola, ndipita nawe, sindikangana ndi ana anga pamaliro a bambo awo. Wawola?"

Stergios anayang'ana pansi. Chrysoula anali ataima pabwalo, manja ali m'chiuno, akudikira. Palibe wina akanakweranso kudzaona. Akanangoti inde, amayi akanagona m'nyumba yofunda, adokotala ali pafupi, ndipo iye akanasiya kunjenjemera foni ikalira. Ankafunitsitsa kunena inde, moti anachita manyazi.

"Sunawole," anatero ndi mawu otsika.

Anachotsa dzanja pa kamtengo kaja. Dothi limene analikanda ndi chala analibwezera m'mpata, n'kulitsendera.

Atatsika sanamuyang'ane mlongo wake.

"Uzibweranso Lachinayi. Ine ndizibwera Lamlungu lililonse. Akadzagwa, tonse tidzakhala ndi mlandu."

"Ndamva, achimwene."

Analowa m'khitchini. Beseni linali litatsala pang'ono kudzaza. Analinyamula mosamala, n'kukathira madziwo pa mtengo wa mphesa. Pobwerera anaona kuti pa matabwa a pansi pali mkombero wakuda, pamene bambo ake ankaliika mvula iliyonse kwa zaka khumi ndi chimodzi. Anagwada, n'kulikhazika pa mkombero pomwepo.