Chipanda cha pa Dima

A Gervásio a ku Chidzolomondo ankawasowa masiku akale a dima, pamene anthu ankalimirana minda, chipanda cha thobwa chikuyenda dzanja ndi dzanja. Khate litawadya zala, anzawo omwewo anayamba kuwathirira m'chitini chawochawo, kumphepete kwa munda. Zimenezi zinkawapweteka kuposa zilonda.

Chaka chino mayi Celeste, a ku bungwe lothandiza odwala khate, anawabweretsera khasu lomangirira padzanja n'kuwaperekeza ku dima. Thobwa litabwera, mayiwo anatenga chitini chija n'kumwera anthu onse akuona.

"Bambowa anamaliza mankhwala kalekale," anatero.

Kenako a Paulino, mnzawo wa paubwana wa a Gervásio, anawapatsira bambowo chipanda akuyang'ana pansi.

A Gervásio anachipana ndi zikhatho zonse ziwiri.

"Mwachedwa nachotu, achimwene."