Gitala ya Waya wa Mabuleki

Chaka chimene m'masitolo a ku Kadoma munkangopezeka fumbi, Fanizo anatsala ndi zinthu ziwiri zimene sizinamuthawe: mkazi wake Vimbai ndi gitala. Ntchito ya ku fakitale ya nsalu inali itatha, thonje la m'mafamu litasiya kubwera. Anzake onse anali atalowa m'maenje kukasaka golide, ndipo naye anali atauza Vimbai kuti mwezi umenewo ukatha osaphula kanthu, gitala aipachika, agwire fosholo.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera ku Chegutu. Horace, mwini bandi ya nyimbo za sungura kumeneko, woimba gitala wake anali atamuthawira ku Joni, ndipo ankafuna kuti Fanizo akayese Loweruka paukwati wina. Fanizo anasangalala mpaka kuiwala njala. Koma Lachisanu m'mawa, akukunga gitala, nsambo yaing'ono ija, yolira kwambiri, inaduka. Anazungulira tauni yonse. Nanga kumene kunalibe sopo ndi mchere, nsambo ya gitala ikanachokera kuti? Anabwerera kwawo ku Waverley nkhope ili yakugwa.

Vimbai ndi amene anakumbuka kuti anyamata a m'makomboni ankapanga mabanjo ndi waya wa mabuleki a njinga. Njinga pakhomopo inalipo imodzi, ya bambo Jobu, abambo ake a Fanizo, amene anakalambira mu mgodi. Njingayo inkagona kuchipinda, ndipo ankaipukuta kuposa mmene ankasambira eni ake. Fanizo ali mwana analizapo belu lake kamodzi, ndipo khutu lake linkakumbukabe. Anati bola fosholo kusiyana n'kukapempha zimenezo. Vimbai sanamumvere. Anakagwada pakhomo pa apongozi ake, n'kufotokoza zonse m'Chishona chake chothira Chichewa apo ndi apo.

Madalawo atamva, anatuluka ndi pulayala m'manja.

"Aikona kulira, mfana," anauza Fanizo m'Chilapalapa, chilankhulo cha kumgodi. "Bwera nacho chibanjo chakocho."

Anasolola waya wa buleki yakutsogolo n'kuyamba kuupotokola kuti atengepo kansinga kamodzi. Koyamba kanaduka pokunga. Kena kanali kadzimbiri. Waya wonse utatha chonchi, bambo Jobu anapsa mtima, osati ndi mwana wawo ayi, koma ndi waya. Anagwadira buleki yakumbuyo. Mmenemo ndi mmene munapezeka kansinga kolimba, ndipo Fanizo atakakhudza kanalira mawu akuthwa, okoma kuposa nsambo yogula ija. Atatuwo anaseka mpaka anthu oyandikana nawo kusuzumira.

Loweruka m'mawa pa renki, pokwerera maminibasi, panalibe kombi ngakhale imodzi, zonse zili pamzere wodikira mafuta. Apa m'pamene anazindikira zimene anachita dzulo lake: chinthu chokha chowafikitsa ku Chegutu chinali njinga imene anali ataizula mabuleki onse awiri. Fanizo anagwira m'mutu. Abambo ake analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jombo zawo za kumgodi.

"Iwe uzipalasa. Buleki ndine."

Vimbai anabereketsa apongozi akewo gitala ndi chitenje ngati khanda, n'kuwaika mbatata yootcha m'thumba la jekete. Madalawo anakhala pa kaliyala, ulendo unayambika.

Pamtsetse uliwonse bambo Jobu ankatsitsa jombo zonse ziwiri pa phula, zili khweee, fungo la mphira lili kobo, uku akukalipira njinga m'Chilapalapa chimene ankakalipira nacho ngolo za miyala pansi pa mgodi. Anthu amene anali atangomanga tinyumba m'mafamu a m'mbali mwa msewu ankaimika makasu, n'kugwira nthiti ndi phwete. Fanizo naye ankaseka, koma m'maso mukuyenda misozi. Anali asanadziwepo kuti abambo ake amamukonda chonchi, ndipo zinamukomera mpaka kumuchititsa manyazi.

Anafika ukwati uli mkati, thukuta lili kamukamu. Magetsi kunalibe, zokuzira mawu zinkayendera batire ya galimoto. Horace anayang'ana kansinga kaja, nayang'ana madala obereka gitala, n'kungoloza Fanizo poti aime. Nyimbo yoyamba anangotsatira anzake. Yachiwiri anthu anasiya mbale. Pa yachitatu Fanizo analimba mtima n'kuyamba nyimbo yopeka yekha, ya m'Chichewa, ndipo amayi achikulire a mtundu wake amene ankamva chilankhulo chawo pamaliro pokha anadzuka ndi nthungululu, kudzamupukuta nkhope ndi mipango yawo. Waya unamucheka chala, koma anazindikira nyimbo itatha.

Horace anamukokera pambali n'kumuuza kuti malo ndi ake, bola ngati angathe kumabwera Loweruka lililonse, makombi alipo kaya palibe. Fanizo anacheukira abambo ake. Anali atakhala pa kireti, miyendo atatambasula, jombo zitaperepeseka mpaka zidendene kuonekera. Mtima unamupweteka, ndipo anayamba kunena kuti mtunda ndi wautali, ayambe waganiza kaye.

"Aganize chiyani?" anatero bambo Jobu, akusenda mbatata. "Tizibwera. Jombo zina zili pansi pa bedi."