Chaka cha Maziro Awiri

Kalata inabwera ndi munthu wa njinga, Keziya ali pa makina akusoka kolala ya yunifomu. Mai Idesi, telala amene ankamuphunzitsa pakhonde la sitolo ku Zingalume, anaiwerenga kawiri ndi kuipinda mwaulesi.

"Akukufuna ku boma, mwanawe. Akuti mapepala ako akanidwa."

Keziya anachita mantha. Iye anabwera kuchokera ku Mozambiki mu 1987 pothawa nkhondo. Nkhondoyo itatha, malole akubweza anthu kwawo, iye ndi amayi ake ndi ang'ono ake awiri anabisala m'chimanga, poti kwawoko kunangotsala manda. Chitupa analibe. Dzina lake m'mabuku a boma linali pamalo amodzi okha, m'kaundula wa ophunzira ntchito zamanja. A Idesi ndiwo anamulembetsa pa fomu yosafunsa zambiri: kuyamba Januwale 1997, zaka zitatu, kenako setifiketi. Tsopano anali atafika theka, ndipo zipi ankaika yekha.

Panadutsa masiku atatu. Galimoto ikangolira kumsewu, phazi linkaima lokha pa makina. Amayi ake anati asapite. A Idesi anati akapanda kupita, abomawo abwera okha, ndipo zimenezi ndizo zinamudzutsa m'mamawa Lachisanu.

Kalaliki wa ku boma la Chadiza anali Yoweli, munthu woseka ndi aliyense, amene mwina chibadwire sanaopepo pepala.

"Ndinu a Keziya? Koma ndiye mukuoneka bwino, agogo a zaka zana!" Anaseka yekha mpaka kutsokomola. "Musaope, mayi. Kompyuta ya ku Chipata imalandira manambala awiri okha a chaka. Munayamba 97. Mumaliza 2000, ndiye tinalemba maziro awiri. Iyo yawerenga 1900, ikuti munamaliza maphunziro musanawayambe. Lamulo lake sililola zotero."

Keziya anapuma. Nkhani yonse ija, tulo tonse tija, chifukwa cha makina osadziwa kuwerenga zaka, chinthu chimene mwana wa giredi 2 amachita ndi zala! Anatsala pang'ono kuseka nawo.

"Ndiye bwana, ingolembani 99."

"Ayi, pamenepo zikhala zaka ziwiri. Lamulo lina limafuna zitatu, ikananso." Yoweli anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lobiriwira. "Koma si nkhani. Onse a chaka chanu tikuwalemba pa fomu yatsopano iyi, ipita pamanja. Ingondipatsani chitupa ndikopere nambala."

 Panja, pansi pa windo, wapolisi ankapopa tayala la njinga yake, ndipo Keziya ankamva kupopa kulikonse.

"Ndachiiwala kunyumba."

"Zimachitika. Musavutike n'kubweranso, ulendo ndi wautali. Lolemba ndikupita komweko ku Zingalume, pali ena atatu. Ndidzafika pakhomo panu." Anavula chivindikiro cha cholembera. "Mudzi wanu ndi uti? Bambo anu ndani?"

Munthuyo ankangofuna kuthandiza, ndipo n'chimene chinaopsa kwambiri. Woipa mtima ukhoza kumuzemba, koma wokoma mtima amakulondola mpaka pakhomo. Keziya anaona m'maganizo njinga ya boma itatsamira nkhokwe yawo, amayi ake akufunsidwa mafunso, iwo akuyankha ndi kalankhulidwe kawo ka ku Mozambiki kosabisika. Anaganizanso za setifiketi, ndi za makina akeake amene ankalota kuika pakhonde pamsika.

"Bwana, fufutani dzinalo. Zosoka ndasiya."

"Mwasiya? Kwangotsala chaka ndi theka, mayi! Vuto si lanu, ndi la kompyuta."

"Maso akundivuta. Ulusi sindikuuonanso."

Yoweli anamuyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu modandaula. Anatenga lula, naigoneka bwinobwino pa kaundula. Keziya anaima chilili, manja kumbuyo, kuyang'ana cholembera chofiira chikudutsa pa dzina lake kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Anaona zonse, poti maso ake analibe vuto lililonse.