Ziwala za Pangodya ya Munda

Mkazi wanga Thuc sanafune kuti mwana wathu apite kumunda.

"Bambo a Diep, mukufuna akachite manyazi pamaso pa anzake? Mwendo umenewo ndi wa m'matope?"

Mwana wathu Diep ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anabadwa ndi mwendo wakumanzere waufupi. Amavala nsapato yokhuthala pansi. Kuyenda amayenda, koma kuthamanga ayi. Chaka chilichonse masika akafika, kamphepo kozizira kakayamba kuwomba m'mawa, timachoka mu Hanoi kupita kumudzi ku Nam Dinh kukathandiza achemwali anga a Tuyen kumweta mpunga. Ana onse amakhamukira kumunda kukagwira ziwala. Diep yekha tinkamusiya pakhonde kuti aziyang'anira abakha, ngati kuti abakhawo anali ndi ulendo. Chaka chino anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ababa, ngati ndi zapakhonde zija, ine nditsala konkuno." Mtima unandipweteka. Ine ndine munthu wamakani, aliyense kwathu amadziwa. Ndinalumbira kuti mwanayu akafika kumunda, zivute zitani.

Munda wa achemwali uli m'chigwa, makina akalowamo amatitimira, choncho timamweta ndi zenga mpaka lero. Tinayamba mame asanaume, akuluakulu asanu, kuyambira mbali ya kumsewu. Ana anali ndi timaukonde tomangirira ku nsungwi, aliyense botolo lili m'chiuno. Mtsogoleri wawo anali Quyen, mtsikana wa achemwali, wa zaka khumi ndi chimodzi koma pakamwa pake ngati mayi wogulitsa nsomba pamsika.

"Amalume, Diep mwabwera naye kuti azitisungira nsapato?"

Diep anatsikira m'ziputu, kuona chiwala, kuyesa kuchilondola. Atangoponda kawiri nsapato ija inamira m'matope, iye n'kugwa chafufumimba. Anzake anaseka n'kupitirira. Anakwawa yekha mpaka pamtumbira wa m'malire, n'kukhala pamenepo.

Apa m'pamene ndinachita zopusa. Ndikumweta ndinagwira ziwala zinayi, kuzibisa m'thumba la malaya, n'kupita nazo kwa iye monyang'ama.

"Tsegula botolo, palibe akuona."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ababa, zimenezo ndi zanu. Mukadye nokha."

Ndinazitaya. Thuc anaweramuka n'kundiponyera diso, ndipo ndinamva zonse.

Dzuwa litakwera ndinacheuka, Diep palibe. Ndinamuona chapatali akuyenda pang'onopang'ono pamtumbira, kulowera kungodya ya kumunsi kumene munda umathera pa ngalande ya madzi. Ndinati basi, wapita kokalira. Ndinafuna kumutsatira koma achemwali anandigwira mkono.

"Achimwene, msiyeni mwana apume. Inu mwetani, mzere wanu watsalira ngati wa nkhalamba."

Chimene ine wokulira m'mudzi momwemo ndinali nditaiwala, mwanayo anachiona atakhala pamtumbira paja. Zenga likamadya mpunga, ziwala zambiri sizibwerera kuziputu, zimathawira kutsogolo kumene mpunga ukadali chiimire. Anzake aja ankathamangitsana ndi zochepa zotsalira kumbuyo kwathu. Zina zonse ife tinkazikusa osadziwa, kuzipititsa kungodya ija, ndipo kuseri kwake kunali madzi.

Pofika chakumasana mpunga wosamweta unatsala malo ongokwana mphasa zitatu. Ngala zonse zinkagwedezeka popanda mphepo, ziwala zili nyakanyaka. Diep anali atakhala pakamwa penipeni pa ngodyayo, miyendo ili m'matope, kaukonde kali m'manja. Akangokokolola kamodzi, kankatuluka kolemera.

"Azakhali, pang'onopang'ono!" anakuwa. "Mukundibalalitsira! Mwetani cha uko kaye!"

Achemwali anga salamulidwa ndi munthu, ngakhale malemu amuna awo anatopa nazo. Koma tsiku limenelo anangoti, "Pepani abwana," n'kusunthira kumene anauzidwa.

"Ababa, botolo ladzaza! Thumba, msanga!"

Ndinathamangira thumba la mpunga lopanda kanthu, kuterereka, kugwa chagada m'matope anthu onse akuona. Sindinasamale. Ndinadzuka ndikuseka ngati wamisala, kumutsegulira thumba, iye akukhuthuliramo. Zina zinkandilowa m'malaya, zina m'tsitsi, ine ndikungofuula kuti, "Wanga ameneyu! Mwana wanga ameneyu!"

Ana aja anafika wefuwefu. Quyen anayang'ana botolo lake losafika n'pakati pomwe, n'kusuzumira m'thumba.

"Iwe, wachita bwanji?"

"Ndangokhala pansi," anatero Diep.

Tinazikazinga pomwepo pansi pa nsungwi, pamoto wa mapesi a mpunga, titazithothola mapiko n'kuthiramo masamba a ndimu ndi msuzi wa nsomba. Zinakwanira aliyense, mpaka omweta a m'munda woyandikana nawo tinawaitana. Thuc ankangopukuta m'maso n'kumanamizira utsi. Ine ndinadya mpaka nsagwada kuwawa, ndipo sindikumbukira tsiku lina limene ndinanyada chotere.

Quyen anazungulirazungulira, kenako anadzakhala pafupi ndi msuweni wakeyo.

"Mawa tikukamweta kutsidya kwa mlatho. Ukatisonyeza pokhala?"

Diep anatola chiwala china, kuchitafuna mosafulumira.

"Ndikakusonyezani. Koma ine sindithamanga."

M'mawa mwake nditatuluka kukasukusula, ndinapeza ana asanu ndi awiri ataima pachipata, timaukonde tili pamapewa, akudikira kuti Diep amalize kumanga nsapato. Kutsidya kwa mlatho n'kutali ndithu. Njira yonseyo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamupitirira.