Dzanja pa Khutu

Kwa zaka zambiri Orville Tackett ndiye anali Cyrus Bale, wofufuza milandu wa m'sewero la pa wailesi. Ankaima pa maikolofoni, mapepala kudzanja lamanja, lamanzere litaphimba khutu kuti azidzimva bwino, monga ankachitira onse a pa wailesi. Mawu ake ankadziwika m'nyumba iliyonse. Nkhope yake ayi, ngakhalenso msinkhu wake waufupi.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, a wailesi anati seweroli laguga, alithetsa. Kakampani kena ka ku Hollywood kanaligula kuti kapange kanema. Tackett anakakamira kuti Bale akhale iye mwini, poti ntchito ina sankaidziwa. Anamulola chifukwa sankadula.

Ankajambulira m'shedi yakale. Makoma a ofesi ya Bale anali ansalu, ankagwedezeka munthu akatseka chitseko. Wotsogolera kanemayo, Sy Brandau, sankafuna zobwereza, ati filimu ndi yodula.

"Achikulire, dzanja," anatero Brandau tsiku loyamba. "Khutu likuwawa? Tikuitanireni dokotala?"

Tackett anapisa dzanja m'thumba n'kuyambanso. Koma posadzimva, mawu anatuluka opyapyala, onjenjemera.

"Ameneyo ndiye ndani? Ine ndinagula Bale. Uyu akumveka ngati wogulitsa nsapato."

Zinapitirira choncho. Dzanja likakhala m'thumba, Bale ankasowa. Bale akabwera, dzanja lili kukhutu. Tackett anayesa kugwira ndudu, anayesa kugwira mfuti, koma dzanjalo linkakwera lokha.

Kenaka anafika pachimake pa nkhani, pamene Bale amaima pambali pa mtembo n'kutchula wakupha. Mtembowo anali Dale Kessick, mwamuna wamtali wa chibwano chokongola, amene anamulemba ntchito kuti azingogona pansi.

"Apa ndiye pomaliza, bambo Tackett," anatero Brandau. "Sindibwereza."

Tackett analankhula. Mawu anatuluka athunthu, akuya, omwe aja a pa wailesi. Atamaliza anamva kutentha kwa chikhato chake pakhutu.

Brandau sanakalipe. Anayang'ana pansi pamene panagona Kessick.

"Iwe mtembo, tadzuka. Tavala chipewa chawochi."

Kessick anadzuka, nasasa fumbi. Chipewa chinamukwana.

"Uzingoyendetsa pakamwa. Mawu atipatsa achikulirewa tikamaliza."

"Nanga mtembo?" anafunsa Kessick.

Brandau anatembenukira kwa Tackett. "Gonani chafufumimba, nkhope isaoneke. Sizovuta. Palibe choloweza."

Tackett anavula jekete la Bale, nalipinda bwinobwino, nalipereka. Simenti inali yozizira.

Mawu anakawajambulira m'kachipinda kopanda zenera, akutsatira milomo ya munthu wina. Mmenemo palibe anamuletsa kugwira khutu.

Kanemayo atatuluka, ankamuonetsa masana, kanema wamkulu asanayambe. Tackett anagula tikiti nakhala kumbuyo. Kessick atatsegula pakamwa, mawu a Tackett anadzaza holo yonse.

"Ndinkakuuza ine," mayi wina kutsogolo ananong'oneza mnzake. "Mawu amenewa sangakhale a munthu wamfupi."

Pa chinsalu apolisi anali kufunditsa mtembo. Unagona chafufumimba, dzanja limodzi lili pafupi ndi khutu. Analikankhira m'kati mwa bulangete, naunyamula.