Phulusa la Mayi Lestina

Pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo panatsala kankhalango kamodzi kokha, ndipo m'menemo munali kasupe amene Mayi Lestina ankatungapo madzi kuyambira ali mtsikana. Eni esiteti ankafuna kudula mitengoyo n'kudzalapo bulugamu. Anati aisiya pokhapokha ataona chithunzi cha kambalame kosowa kamene anthu ankati kamakhala m'menemo.

Choncho kunabwera a Joan, ofufuza za mbalame ochokera ku Zomba, ndi kamera yaitali ngati musi. Akapitawo anachotsa Mayi Lestina kothyola tiyi kuti azilambula njira ya mlendoyo.

Mayiwa ankadziwa kuti mlendo ndi mame, ndiye ankamusamala ngati dzira. M'mawa uliwonse ankalawirira ndi chidebe cha phulusa lotentha n'kuliwaza paliponse pamene linthumbu ladutsa. Mlendo wawo alumidwe ndi linthumbu iwo alipo? Manyazi ake!

Masiku khumi anatha, kambalameko osaoneka. Mayi Lestina ankangodabwa kuti munthu wophunzira chotere angathe tsiku lonse akuyang'ana pansi. Tsiku lomaliza mtima unawakanika.

"Achemwali, mbalame imakhala m'mwamba. Nanga inu pansipo mukufunapo chiyani?"

"Linthumbu, Mayi," anayankha a Joan motopa. "Likamayenda, tizilombo timathawa, kambalameko n'kumatitola. Popanda linthumbu sikabwera. Koma nkhalango inoyi ilibe ndi limodzi lomwe."

Apo Mayi Lestina anazindikira kulakwa kwawo. Safunsa anadya phula, koma iwo anatsala pang'ono kudya kasupe yense.

"Ndine ndimalithamangitsa ndi phulusa," anaulula. "Koma kumene linathawira ndikukudziwa. Tiyeni."

Anatsetsereka mpaka kuseri kwa kasupe, pa chipika chowola. Linthumbu linali bii, masamba ali waliwali ndi ziwala zothawa. Posakhalitsa panatera kambalame kofiirira, koyera pakhosi, kosafika n'komwe pa msinkhu wa njiwa. Kanthu kameneka n'kamene kangapulumutse madzi a mudzi wonse?

"Musagwedezeke," ananong'ona a Joan, akukweza kamera.

Apo n'kuti linthumbu litakwera kale m'miyendo ya Mayi Lestina, likuluma ngati moto. Misozi inatsika, milomo ili gwa. Anamva kamera ikulira kamodzi, kawiri, katatu, koma phazi sanalisunthe.

"Yakwana, Mayi, thawani!"

"Jambulaninso," anatero Mayi Lestina akukukuta mano. "Mwina chithunzi choyambacho sichinaoneke bwino."